Kalata kwa akuluakulu: ziboliboli za m'misewu yathu azisankha ndani?

Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe, aphungu athu ku Nyumba ya Malamulo, a Meya ndi makhansala a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso inu mafumu athu,

Ndakulemberani pa nkhani ya ziboliboli. Ndikudziwa ena mwa inu muti chimanga chakwera mtengo, mankhwala m'zipatala akusowa, ndiye munthu angamataye nthawi ndi nkhani ya miyala ndi zitsulo? Zimenezo nanenso zimandiwawa, koma chiboliboli chikangoima pamsewu chimakhala pomwepo zaka 50 kapena 100, inu mudzakhala mutachoka pamipandoyo kalekale, ife tonse titapita, koma mwana wodutsa pa minibasi adzaloza chala n'kufunsa mayi ake kuti ameneyu ndani, anatichitira chani. Yankho lomwe mayiyo adzapereke ndi mbiri ya dziko imene mwanayo adzakule nayo. Ndiye ine funso langa ndi limodzi basi, munthu woti aime pamenepo amasankha ndani? Mmene ndaonera mpaka pano amasankha ndi amene ali m'boma nthawi imeneyo kapena amene wabwera ndi ndalama, ndipo ndikupempha kuti zimenezi zithe.

Mukukumbuka za 2018 ku Blantyre. Anthu anangoona pa Ginnery Corner, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, amisiri ayamba kumanga, kufunsa akuti pabwera chiboliboli cha Mahatma Gandhi. Kenako ndi pamene zinamveka kuti ndi mbali ya mgwirizano ndi dziko la India lomwe linalonjeza kumanga malo a misonkhano a ndalama zokwana 10 miliyoni za ku America mumzindamo. Anthu okhala ku Ndirande, ku Chitawira, ku Naperi, ku Zingwangwa, omwe amadutsa pamalopo tsiku ndi tsiku popita kuntchito kapena kukaona odwala ku Queens, palibe anawaitana pansi kuti abale tikuganiza zakuti, inu mukuti bwanji. Achinyamata ena ndi amene anaimirira ndi gulu lija la Gandhi Must Fall, anasonkhanitsa masiginecha opitirira 3,000, n'kupita ku khoti lalikulu, ndipo kumapeto kwa Okutobala chaka chomwecho khoti linapereka chiletso, ntchito n'kuima. Patapita zaka ziwiri chifanizo cha Gandhi chinakaikidwa ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe, komwe kunena zoona ndi kumene kunali koyenera kuyambira pachiyambi, pakuti pamenepo ndi pakhomo pawo ndipo ali ndi ufulu wolemekeza munthu wawo.

Ine sindikuti Gandhi anali munthu wamba ayi. Anatsogolera anthu ake kulimbana ndi ulamuliro wa Angerezi popanda kunyamula mfuti, mu 1930 anayenda wapansi ulendo wautali kukafika kunyanja kukana msonkho wa mchere, anamangidwa kangapo, ndipo atsogoleri a mu Africa muno ngati Kenneth Kaunda ndi Nelson Mandela ankamutchula mwaulemu. Koma ndi zoonanso kuti pa zaka zomwe anakhala ku South Africa, kuyambira 1893 mpaka 1914, analemba zinthu zonyoza anthu akuda, ankagwiritsa ntchito mawu otukwana aja omwe azungu a kumeneko ankatitchula nawo, ndipo nkhondo yake nthawi imeneyo inali yoti amwenye asamaikidwe gulu limodzi ndi anthu akuda. Zinalembedwa ndi dzanja lake lomwe. Ena amati anadzasintha atakula, mwina ndi zoona, ndipo ndi nkhani yoti anthu akanakambirana bwinobwino pa wailesi ndi m'maholo akanapatsidwa mpata. Ku Ghana aphunzitsi ndi ophunzira a pa yunivesite anakana chiboliboli chake chomwe chinaikidwa mu 2016, mpaka chinachotsedwa mu Disembala 2018. Ndiye nkhaniyi inali yodziwika kale pamene akuluakulu athu ankasaina mapepala. Munthu amene sanapondepo Malawi, msewu wa dzina lake ulipo kale pomwepo, n'kumupatsanso malo apamwamba choncho m'mphepete mwa msewu wa Masauko Chipembere, pamene Chipembere mwini wake anafera kutali ku America mu 1975 ali wothawa kwawo. Zimenezi zinandipweteka ndipo zimandipwetekabe.

Ndinenenso pano kuti nkhaniyi isasanduke chidani ndi abale athu a chimwenye. Ambiri anabadwira konkuno, makolo awo ali m'manda a ku Limbe ndi ku Zomba, ndi Amalawi ngati ine. Amene analakwitsa ndi akuluakulu omwe anavomera kupereka malo a anthu onse posinthana ndi nyumba, osafunsa eni ake.

Koma alendo tisawanene kwambiri, pakuti ife tokha tachita zomwezi kwa zaka zambiri. Taonani mmene maina ndi nkhope zakhala zikusinthira malinga ndi amene ali ku State House. Nthawi ya chipani chimodzi chilichonse chinali Kamuzu, bwalo la ndege, bwalo la mpira, chipatala, msewu, mlatho, damu, ndalama. Atalowa a Muluzi mu 1994 maina ambiri anafufutidwa, Kamuzu Stadium inakhala Chichiri Stadium, chipatala chachikulu cha ku likulu chinakhala Lilongwe Central, bwalo la ndege chimodzimodzi, tchuthi cha 14 Meyi chinachotsedwa, ndipo nkhope ya a Muluzi inalowa pa ndalama. Atabwera a Bingu mu 2004 maina aja anabwereranso, chiliza cha Kamuzu chinatsegulidwa mu 2006, tchuthi chinabwerera, kenako chiboliboli chake ku Area 18 chinavundukulidwa mu Meyi 2009 kutatsala masiku ochepa kuti anthu akaponye voti. Mu 2019, chakanso cha chisankho, kunabuka nkhani ya chiboliboli cha a Bingu ku Nyumba ya Malamulo, anthu n'kumadandaula kuti nkhope sikufanana ndi malemuwo. Pa zonsezi Mmalawi wamba amangomva pa wailesi kuti zachitika, ndalama zake za msonkho zapita kale. Ulemu wotere sukhalitsa chifukwa boma lotsatira limadziwa kuti unabwera ndi ndale ndiye limauchotsanso ndi ndale, ndipo mwana wa sukulu amasokonezeka kuti kodi munthuyu anali wabwino kapena woipa, poti dzulo anamufufuta lero amubwezera popanda womufotokozera chifukwa chake.

Kumudzi kwathu munthu sangodzuka m'mawa n'kukamanga chiliza kumanda chifukwa choti ali ndi ndalama za simenti. Amayamba wauza mwini mbumba, akuchimuna ndi akuchikazi amakhala pansi, amfumu amadziwitsidwa, adzukulu amauzidwa, ndipo ngakhale mawu olemba pamwalapo anthu amagwirizana kaye. Mwana wa m'tauni akalumpha zonsezi amaitanidwa pabwalo ngakhale chilizacho chikongole bwanji. Nanga chiboliboli cha dziko lonse chizichepa ulemu kuposa chiliza cha banja limodzi?

Ndibwere kwa John Chilembwe. Mu Seputembala 2022 pa Trafalgar Square, pakati penipeni pa London, anavundukula chiboliboli cha Chilembwe chosemedwa ndi mwana wa konkuno Samson Kambalu, ndipo chinaima pamenepo mpaka 2024. Anachitengera pa chithunzi cha 1914 chomwe Chilembwe anajambulitsa ndi mnzake mmishonale John Chorley kutsogolo kwa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe, ku Chiradzulu, atavala chipewa pamutu nthawi yomwe munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akaona mzungu. Kambalu anamupanga Chilembwe wamkulu kwambiri kuposa mzunguyo. Taganizani, likulu la anthu omwe anamusaka, kumuwombera mu Febuluwale 1915, kuphulitsa tchalitchi chake n'kumukwirira malo osaikapo chizindikiro, ndi lomwe linamukweza pamwamba choncho. Ndipo chomwe ndikufuna muone ndi njira yomwe anatsata, amisiri angapo anapanga timafanizo tating'ono, tinaikidwa poyera, anthu wamba anapita kukaona n'kunena maganizo awo, kenako komiti n'kusankha. Palibe chovuta pamenepo chomwe ife tingachilephere. Kuno Chilembwe tili naye pa K500 ndi pa K2000, tili ndi tchuthi cha 15 Januwale, atsogoleri amapita ku mishoni yake ya Providence Industrial Mission (PIM) kukapemphera chaka ndi chaka, koma ambiri aife titaona zithunzi za ku London zija tinadzifunsa kuti bwanji chinthu cha msinkhu umenewu sichinayambe chaima pakati pa Blantyre, mtunda waufupi chabe kuchokera kwawo.

Ndipo tikamuimika tidzalembe zonse. Tidzalembe kuti anatsegula Providence Industrial Mission mu 1900 atabwerera kuchokera ku sukulu ku Virginia, kuti anamanga masukulu, kuti anadana ndi thangata pa minda ya Bruce ku Magomero komwe anthu ankagwira ntchito yaulele m'malo mwa lendi ndipo matchalitchi ake ankatenthedwa, kuti mu 1914 analembera nyuzipepala kufunsa chifukwa chomwe anthu akuda osauka akukafera pa nkhondo ya azungu. Tidzalembenso kuti usiku wa 23 Januwale 1915 anthu ake anapha azungu atatu, ndipo William Jervis Livingstone anamudula mutu. Akazi ndi ana a azunguwo sanawaphe. Mwana amene wawerenga zonsezi adzamulemekeza Chilembwe podziwa chomwe akulemekeza, ndipo sadzagwedezeka tsiku lomwe wina adzamuuze mbali yomwe tinamubisira.

Apa ndiye ndafika povuta, pa Ngwazi. Ndikudziwa kuti dzinali likangotchulidwa anthu amagawikana nthawi yomweyo. Ine sindikupempha kuti chiboliboli cha ku Area 18 chigwetsedwe, ayi ndithu. Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, anakhala m'ndende ku Gweru, anaphwanya chitaganya, anatitengera ku ufulu wodzilamulira mu 1964, anasamutsira likulu ku Lilongwe, anayambitsa yunivesite, misewu yambiri yomwe tikuyendamo ndi ya nthawi yake, ndipo atagonja mu 1994 anavomera n'kutula pansi udindo mwamtendere pomwe atsogoleri ena mu Africa muno akanakhetsa magazi. Agogo ambiri kumudzi mpaka lero amati nthawi ya Kamuzu kunalibe njala ngati ya masiku ano, ndipo sindingawatsutse pa zomwe anaona ndi maso awo. Koma m'dziko lomweli muli mabanja omwe akamadutsa pa chiboliboli chija mtima umawawa. Muli ana a Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, omwe anaphedwa ku Thambani ku Mwanza mu Meyi 1983 dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Khoti mu 1995 linapeza Kamuzu ndi anzake osalakwa pa mlanduwo, zimenezo tizinene, koma kuti anthu anayiwo anachita kuphedwa palibenso amatsutsa. Muli abale a Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 n'kuisungira Kamuzu mpando, koma anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo mayi Vera Chirwa anakhala otsekeredwa kuyambira 1981 mpaka 1993. Muli a Mboni za Yehova omwe mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, n'kuthawira ku Mozambique ndi ku Zambia chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Muli omwe anawola m'ndende za ku Mikuyu ndi ku Dzeleka popanda kuonekera ku khoti. Muli banja la mtolankhani Mkwapatira Mhango lomwe linatenthedwa m'nyumba ku Lusaka mu 1989.

Anthu amenewa ali kuti m'mizinda yathu? Mwana wa ku Lilongwe akapita ndi sukulu kukaona chiliza ndi chiboliboli amabwerako atamva mbali imodzi yokha. Mwini wake Kamuzu mu Januwale 1996 anapepesa kwa Amalawi pa zowawa zomwe zinachitika mu ulamuliro wake, ndiye ngati iye anafika ponena choncho ife tikuopa chani kulemba pa mwala? Chomwe ndikupempha ndi choti mumzinda womwewo, malo ooneka bwino osati kuseri, pamangidwe khoma la maina a anthu omwe anafa kapena kusowa pa zifukwa za ndale kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka lero, ndipo ndikati mpaka lero ndikutanthauza kuti anthu 20 omwe anaphedwa pa zionetsero za 20 Julaye 2011 akhalepo, wophunzira wa pa Polytechnic Robert Chasowa akhalepo, woimba Evison Matafale akhalepo. Chipani chilichonse chomwe chalamulirapo dziko lino chili ndi maliro ake, n'chifukwa chake palibe chipani chomwe chiyenera kugwira cholembera chokha.

Tsono pali ena omwe sanazunzidwe ndi boma lathu lokha koma tangowaiwala basi. Rose Chibambo tili naye pa K200, koma ndi angati mwa ana athu akudziwa kuti mayiyu anasonkhanitsa amayi kukana chitaganya m'zaka za m'ma 1950, kuti mu 1959 anamutengera kundende ali ndi khanda longobadwa kumene, kuti pa mkangano wa nduna wa 1964 anachotsedwa n'kukakhala ku Zambia zaka pafupifupi 30? Anamwalira mu 2016 ndipo anagona ku Mzuzu. Mtsikana wa ku Chibavi kapena ku Katoto akamapita ku sukulu bwenzi akudutsa pa chiboliboli cha mayi ameneyu. Tikawerenga ziboliboli ndi zipilala zomwe tili nazo mupeza kuti pafupifupi zonse ndi za abambo, ngati kuti amayi pa nkhondo ya ufulu ankangovina basi. James Sangala ndi Levi Mumba omwe anayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944, Kamuzu akadali dokotala ku Mangalande. Inkosi Gomani II amene anauza anthu ake ku Ntcheu kuti akane chitaganya mu 1953 mpaka atsamunda anamuchotsa pa ufumu ali wodwala. Dunduzu Chisiza, Kanyama Chiume. Dr Daniel Malikebu amene anaphunzira udokotala ku America n'kubwera kudzatsegulanso PIM mu 1926 pamene ambiri ankaopa ngakhale kutchula dzina la Chilembwe. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay amene mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town lomwe linagwedeza South Africa yense. Chakufwa Chihana amene anatsika ndege mu Epulo 1992 akudziwa kuti akamangidwa pomwepo, ndi maepiskopi a Katolika omwe kalata yawo yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi chaka chomwecho.

Komanso bwanji nthawi zonse timaganiza za munthu mmodzi wa suti ndi tayi? Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anatengedwa ngati amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali pamutu kudutsa m'mapiri ndi m'madambo mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda ndipo manda awo palibe akuwadziwa. Nsanja ya ku Zomba ndi ya ku Area 18 zimakumbutsa asilikali, ndi bwino, koma wosenza katundu uja alibe pake. Nanga azibambo athu a Wenela ndi Teba omwe anathera mapapo m'migodi ya ku Joni, ndalama zawo zinamanga nyumba za malata ndi kulipira fizi m'midzi yambiri, ndipo opitirira 70 anafera pa ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974 akubwerera kwawo? Nanga mayi wobereka mwana kumsana khasu lili m'manja, amene wadyetsa dziko lino chiyambire? Nanga anamwino ndi azamba? Chiboliboli cha mtengatenga wopanda dzina chingalankhule ndi Mtumbuka, Mlomwe, Msena, Myao, Mchewa, Mtonga, Mngoni, Mnkhonde mofanana, chifukwa mtundu uliwonse unatayako mwana kumeneko, ndipo palibe chipani chingachitenge kukhala chake.

Mafumu athu, apa ndikulankhula ndi inu mwaulemu wonse. Masiku ano mtundu uliwonse uli ndi bungwe lake la chikhalidwe ndipo tsiku lina lililonse lidzafuna kuimika ngwazi yake pa mphambano. Si zolakwika. Koma mbiri yathu ya zaka za m'ma 1800 ndi yopweteka ndipo tikudziwa tonse. Gomani woyamba anaphedwa ndi Angerezi mu 1896 chifukwa chokana kuwagonjera, kwa Angoni ndi ngwazi yeniyeni ndipo ine ndimamuona choncho, koma pali midzi ya Achewa ndi Amang'anja yomwe makolo awo anathawira m'mapiri ndi m'zisumbu kuopa nkhondo za Angoni. Pali mafumu ena a m'mphepete mwa nyanja omwe analimbana ndi atsamunda molimba mtima koma analemera ndi malonda ogulitsa anthu. Jumbe ku Nkhotakota ankawolotsa akapolo pa nyanja, Mlozi ku Karonga anasautsa Ankhonde mpaka anapachikidwa mu 1895. Kungoti munthu anamenyana ndi mzungu sikokwanira kuti timuimike pamsewu. Nkhani zoterezi zimafuna kuti zidzukulu za mbali zonse zikhale pansi pamodzi ndi akatswiri a mbiri a ku Chancellor ndi ku Mzuni, apo ayi chiboliboli chomwe timati chigwirizanitse anthu chidzatokosa zilonda zakale.

Ndiye pempho langa kwa inu aphungu ndi loti mupange lamulo lomveka bwino la momwe munthu amasankhidwira kuti aimikidwe pa malo a anthu onse, kaya ndi chiboliboli, dzina la msewu, la bwalo kapena nkhope ya pa ndalama. Pakhale komiti yoima payokha yomwe pulezidenti sangaisankhe yekha kapena kuichotsa mmene wafunira, mukhale akatswiri a mbiri, a nthambi yoona zosunga zinthu zakale, mafumu, a mipingo ndi a Chisilamu, amayi osachepera theka, achinyamata, aluso losema ndi kujambula, ndiponso oimira mabanja a anthu omwe anazunzidwa. Mmalawi aliyense akhale ndi ufulu wopereka dzina, ndipo dzina likaperekedwa lilengezedwe pa wailesi za m'madera m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi zinenero zina, pakhale miyezi yokwanira yoti anthu anene zabwino ndi zoipa zomwe akudziwa za munthuyo, osangoti kachidziwitso kamodzi ka Chingerezi mu nyuzipepala yomwe kumudzi sifika. Ndipo khonsolo isamapereke malo anthu a m'dera lomwelo asanamvedwe.

Chinthu china chomwe ndikuchiona chofunika kwambiri ndi kudikira. Munthu asaimikidwe ali moyo, ndipo akamwalira papite zaka zosachepera 20 kapena 25. Ndikudziwa kuti izi ziwawa ena, chifukwa tikataya mtsogoleri mwadzidzidzi, ngati mmene tinatayira a Saulos Chilima ndi anzawo asanu ndi atatu ku Chikangawa mu Juni 2024, mtima umafuna kuchitapo kanthu msanga, ndipo chipilala cha pamalo a ngozi kapena chiliza cha kumudzi palibe angaletse. Koma chiboliboli cha dziko chidikire misozi iume, omwe ankadya naye ndi omwe ankadana naye achoke pamipando, mafayilo atsegulidwe, ndiye tione ngati dzinalo laimabe palokha. Munthu amene anagwiradi ntchito zaka 25 sizingamufufute, Chilembwe wadutsa zaka 100 ndipo akukulirakulirabe. Lamuloli liletsenso kuvundukula chiboliboli chilichonse m'chaka cha chisankho, komanso linene poyera kuti dziko lakunja kapena kampani ikafuna kutithandiza ithandize, tithokoza, koma thandizo lisabwere ndi chiboliboli chomangiriridwa kumchira.

Za ndalama nazo zikhale poyera, zawononga zingati, kontilakiti anapatsidwa ndani, anapikisana ndi ndani. Ndipo ntchitoyi izipita kaye kwa amisiri athu. Ku Mua kuli anthu osema omwe akhala akuphunzira ndi kuphunzitsa luso limeneli ku Kungoni kuyambira 1976, ntchito zawo zili m'matchalitchi mpaka kunja kwa dziko lino, m'makoleji athu muli achinyamata ojambula omwe akusowa pogwira, ndipo amene anaimika Chilembwe ku London ndi Mmalawi. Ngati kusungunula mkuwa kukufuna makina omwe kuno kulibe, chabwino akathire kunja, koma nkhope ya munthu wathu iumbidwe ndi manja a munthu amene akuidziwa. Musaiwalenso kuika mu bajeti ndalama yosamalira, chifukwa m'maboma ambiri zipilala zomwe zilipo kale zamera tchire, zolemba zinafufutika, zitsulo anazula akuba, ndipo anthu amangozikumbukira sabata yomwe kukubwera nduna.

Pomwe mukukonza lamulolo pali ntchito imodzi yomwe singadikire. Pa 3 Malichi 1959 ku Nkhata Bay asilikali anawombera khamu la anthu omwe anasonkhana pa doko pomwe abale awo omangidwa anatsekeredwa mu sitima ya Mpasa. Lipoti la Devlin linati anafa ndi anthu 20 pamenepo ndipo 51 m'dziko lonse, anthu a ku Nkhata Bay amati kwawoko anali 31. Chaka chilichonse timapita kukaika nkhata za maluwa, koma anafa ku Karonga, ku Rumphi, ku Mangochi ndi madera ena nthawi yomweyo ambiri sitiwatchula n'komwe maina. Amene anaona zimenezi ali ana lero ali ndi zaka za m'ma 70 ndi 80, omwe anatuluka ku Mikuyu ndi ku Dzeleka nawonso akutha mmodzimmodzi. A Nduna, tumizani ophunzira a mbiri ndi ogwira ntchito ku National Archives ku Zomba ayende boma ndi boma ndi makina ojambulira mawu, akhale pansi ndi agogo amenewa, alembe dzina, mudzi, mfumu, chaka ndi momwe munthuyo anafera kapena kusowera, ndipo mndandandawo usindikizidwe kuti mabanja akonze pomwe palakwika. Ndalama yake singafike ngakhale pa mtengo wa galimoto ziwiri za nduna, ndipo ikhoza kulowa mu bajeti ikubwerayi.

Ine wanu,
Mzika ya Malawi